Nungu wa Chokoleti

Ntchito yanga ndi yosita zovala za anthu, ndipo ndikamaweruka miyendo imakhala ngati yobwereka. Malo athu ochapira zovala ndi chipinda chimodzi chachitali. Kutsogolo kuli kauntala ndi benchi ya makasitomala, pakati pali makina anayi ochapira, kumapeto kwenikweni kuli ine, tebulo langa ndi simbi. Pamwamba pa chitseko bwana anapachikapo TV yoti makasitomala asamaone kuchedwa. Mawu ake palibe anawamvapo. Rimoti inagwera m'ndowa ya sopo chaka chomwe ndinayamba ntchito, ndipo TV ija inangotsala ikuonetsa za ana zokhazokha, ili duu. Bwana amati adzagula rimoti ina. Papita zaka zisanu akudzagula.

Mwana ndili naye mmodzi, mtsikana. Timamutchula Kachiwala chifukwa ali wamng'ono sankayenda, ankangodumpha. Amakhala kwa bambo ake. Titasiyana tinagwirizana choncho poti kumeneko sukulu ili pafupi, nyumba ili ndi zipinda, ndipo mkazi watsopanoyo amakhala pakhomo tsiku lonse. Ndinavomera ndi pakamwa pangapa, ndiye sindingaloze munthu chala. Gawo langa ndi Loweruka limodzi pa masabata awiri alionse. Ndimakwera mabasi awiri kukamutenga m'mawa, bambo ake amabwera ndi galimoto madzulo.

Kale ndikafika pageti ankandithamangira mpaka kufuna kundigwetsa. Chaka chino anayamba kutuluka akukoka mapazi, maso ali pa foni yakale imene bambo ake anamupatsa. Tikafika kwanga ankadya, kuyankha zomwe ndafunsa, kenako n'kukhala pabedi kudikira hutala. Sanali wamwano ayi. Anali ngati mlendo waulemu amene akudikira kuti mvula ikate.

Loweruka lina m'mawa bambo ake ananditsekereza pageti mwana asanatuluke.

"Mwanayu wakula," anatero. "Masiku ano Loweruka lanu likafika timachita kumukoka pabedi. Ine zokakamiza mwana sindizifuna. Akakwanitsa zaka zisanu ndi zitatu azisankha yekha, kubwera kapena ayi."

"Mwamufunsa mwini wakeyo?"

"Ndikukuuzani inu."

Ndinangomusiya. Munthu uja mumalimbana naye mutadya, ndipo ine ndinali ndisanamwe ngakhale tiyi. Koma tsiku lobadwa la Kachiwala linali litatsala masabata awiri, ndipo linkagwera pa Loweruka langa lotsatira. Ndinadziwa kuti likhoza kukhala lomaliza.

Mubasi ndinayesa kumupala m'kamwa.

"Kodi masiku ano umakonda chiyani, mwanawe?"

"Palibe."

"Palibe olo kamodzi?"

Anayang'ana pawindo. "Katuni ya folo koloko."

"Umakondamo ndani?"

"Aliyense amadziwa, amayi."

Anathera pomwepo. Ine ndinaganiza kuti ngati aliyense amadziwa, inenso ndili ndi maso, ndikadzionera ndekha. Ndimuphikira keke ya chokoleti yooneka ngati ameneyo, aone kuti amayi ake sali kumbuyo kwenikweni.

Lolemba folo koloko itakwana ndinatembenuza tebulo langa kuti liyang'ane kuchitseko. Katuniyo inali ya tiagologolo titatu tokhala m'mtengo waukulu wa mawindo ndi makatani. Tinkadumpha pamipando, kutaya mkaka, kuswa mbale, n'kumaseka. Kenako pankatulukira nungu. Anali wonenepa, wovala epuloni yothimbirira, maso otupa ngati munthu amene sanagone bwino, dengu lili kumsana. Ankachokera kutali, kukwera chitunda akutsimphina mwendo umodzi. Akafika ankatola tiagologolo tija kamodzikamodzi, kutiponya m'dengu, ulendo kukanyumba kake. Kumeneko ankatikhazika patebulo, kutiikira mbale zitatu, n'kutseka chitseko. Akangotembenuka, tiana tija tinkagubuduza chilichonse n'kuthawira pawindo. Katuni inkatha nungu akusesa magalasi, kapena atakhala pakhomo, dengu lopanda kanthu lili pambali.

Lachiwiri zinali zomwezo. Lachitatu tiana tija tinamuthira utoto, Lachinayi tinamugwetsera m'dzenje, koma tsiku lililonse ankadzuka, kudzisasa, m'mawa mwake n'kukweranso chitunda chija.

Mnzanga woyendetsa makina timamutchula Wailesi, ndipo chifukwa chake mungachidziwe mutakhala naye mphindi zisanu.

"Asisi, mupsereza shati ya mwini!" anakuwa Lachisanu. "Mwayamba zaubwana mutakula?"

"Taonani nunguyu," ndinatero. "Mukuti ndi ndani?"

Anapukuta manja, n'kuonerera mpaka kumapeto, chinthu chomwe sanachitepo ali chete.

"Nanga n'zofunsa? Ndi mayi wawo ameneyo. Bamboyo ndiye anali gologolo, anathawa. Ana atatu opanda mwambo, mayi mmodzi. Onani mwendowo, ndi mitsempha imeneyo, ngati yanu."

Ndinaseka, koma ndinali nditaona kale zomwezo. Mu katuni yonseyo wogwira ntchito anali mmodzi yekha. Ndinadziuza kuti mwana wanga ndi wa mtima wabwino, sangakonde tiana toswa mbale n'kusiya amene amasesa. Kunena zoona, ndinasangalala. Ndinaganiza kuti mwina akamaonera nunguyo amakumbukira ine.

Keke wamba ndimaidziwa. Fulawa, shuga, mazira, batala, koko, kauvuni kanga kotentha mbali imodzi kamene umayenera kutembenuza chitini pakati pa ulendo. Thupi la nungu silinandiopse, ndinadziwa kuti ndiphikira m'bakuli lachitsulo, ndikalivundikira pansi lituluka ngati msana. Vuto linali minga. Nungu wopanda minga ndi khoswe wonenepa basi, ndipo minga yake inayenera kukhala ya chokoleti, yoonda, yosongoka, yambirimbiri.

Lamlungu masana ndinaika chokoleti m'poto pamoto ngati ndikusungunula batala. Ndinangotembenuka kuti nditenge supuni, fungo lopserera linali litadzaza kale m'nyumba. Ndinapala potoyo mpaka mkono kuwawa.

Lachitatu nditaweruka ndinayesanso, ulendo uno mbale ili pamwamba pa madzi owira monga mmene Wailesi anandiuzira. Zinayamba bwino, chokoleti inasalala, ine mpaka kuyamba kuimba. Kenako dontho limodzi lochokera pachivundikiro linagweramo. Dontho limodzi lokha. Zonse zinauma gwa, n'kusanduka mabulumwa ngati dothi la m'munda. Ndinakhala pansi, msana kutsamira kabati, n'kumangoyang'ana mbaleyo. Kulira sindinalire, ndinalibe mphamvu zake.

Pakhomo loyandikana ndi langa pamakhala anamwino, mayi wamkulu wolankhula mosapsatira, ndipo ndi okhawo pamzere wathu amene ali ndi firiji. Ndinawaonetsa mbale ija.

"Chokoleti imadana ndi madzi, imadananso ndi moto waukali," anatero. "Imafuna kutentha pang'ono, kosasinthasintha. Inuyo mbaula yanu ija singathe."

"Ndiye nditani, aneba?"

"Gulani keke kusitolo ngati anthu ena onse. Mwatopa, maso anuwo akuchita kuonekeratu."

Ndinabwerera kwanga mawu awo akuzungulira m'mutu. Kutentha pang'ono, kosasinthasintha. Nanga si ntchito yanga imeneyo? Zaka zonsezi ndakhala ndikusita madiresi a silika a akazi a mabwana osapsereza ngakhale imodzi. Ndinatenga simbi yanga ya kunyumba, kuigadamiza pakati pa njerwa ziwiri, kupotokola kagudumu kake kufika pa silika, n'kukhazikapo kambale kachitsulo. Chokoleti inasungunuka pang'onopang'ono, yonyezimira, yopanda bulumwa ngakhale limodzi. Ndinaiyang'ana n'kunena mokweza ndekhandekha kuti, "Bwanji osanena kale?"

Lachinayi limenelo ndinapempha kuweruka masana. Ndinathira chokoleti m'kathumba ka pulasitiki, kudula kangodya kake ndi sizasi, n'kuyamba kulemba timizere papepala lophikira, munga umodziumodzi, kunenepa kutsinde, kuonda kunsonga. Yoyambirira inatuluka ngati nyongolotsi. Pofika pa pepala lachitatu dzanja linali litazolowera. Pepala likadzaza ndinkaliika pathireyi, kukagogoda kwa anamwino, kuika mufiriji, kubwerera, kudzaza lina. Ulendo wachisanu anangosiya chitseko chotsekula.

"Muzingolowa," anatero. "Ndatopa n'kukuyankhani odi."

Chimene sindinachiganizire ndi manja anga. Manja a munthu wosita ndi otentha, Kachiwala ali khanda ankagona ndikangomuika chikhatho pamsana. Ndikati ndinyamule munga, unkapindika n'kusungunukira m'zala ndisanafike nawo pa keke. Ndiye ndinaika beseni la madzi ozizira pambali. Kuviika manja, kupukuta mpaka aume, pajatu madzi ndi mdani, kubaya minga itatu, kuviikanso. Lachisanu nditaweruka ndinachita zimenezo mpaka usiku, ndili chiimire, nditaima kale tsiku lonse kuntchito. Minga inapitirira zana. Msana unkachita kuyaka.

Nkhope ndinaisiyira Loweruka m'mamawa. Mphuno inali mpira wa chokoleti yakuda, maso a chokoleti yoyera, ndipo pansi pa maso ndinajambulapo timizere tiwiri totopa tija ndi kamtengo kotokosera m'mano. Epuloni ndinaipanga ndi kirimu. Ngakhale dengu ndinalipanga, la mabisiketi omata ndi chokoleti, n'kuliika pambali pake. Nditamaliza ndinabwerera m'mbuyo. Anali iye ndithu, ngati angoti phuu, kupuma.

Anamwino anachotsa mapoto awo awiri kuti nunguyo akwane mufiriji. "Akapanda kuyamika mwanayo mudzandiitane," anatero. "Jekeseni ndili nayo."

Kachiwala anatuluka pageti atavala malaya atsopano, mphatso ya mayi ake omupeza. Pachifuwa panali tiagologolo titatu tija, mano onse pamtunda. Mtima unakhala pansi, katuni ndinali nditalondola. Ndinangodabwa kuti osoka malayawo mayi amusiyiranji. Koma nanga n'zachilendo? Pa zithunzi za ana mayi amakhala amene wagwira kamera.

Titafika ndinamukhazika patebulo, ndinamuuza kuti atseke maso, n'kuthamangira kwa anamwino. Ndinabwera nayo keke ndikuyenda ngati ndanyamula mazira, kuiika patsogolo pake, kuyatsa kandulo imodzi imene ndinaibaya m'dengu lija.

"Tsegula."

Anatsegula. Anayang'ana minga, epuloni, dengu. Sanamwetulire. Anakankhira mpando m'mbuyo pang'ono.

"Amayi, uyu ndi woipa uja."

"Woipa uti?"

"Wakuba ana."

Ndinayesa kuseka. "Iwe, si mayi wawo ameneyu?"

"Ayi! Mayi wawo amakhala mumtengo muja, amangomveka mawu akuwaitana. Uyu amabwera ndi dengu n'kuwatenga kwawo, n'kukawatsekera m'nyumba mwake. Iwo safuna. N'chifukwa chake amathawa." Anandiyang'ana ngati ndamuputa dala. "Aliyense amadana naye. Kusukulu munthu akakulanda chinthu timamunena kuti Nungu."

Kandulo inkatsikira m'dengu. Kachiwala anatulutsa foni yake, kusakasaka, n'kuiika patebulo kuti ndidzionere. Kwa nthawi yoyamba ndinamva mawu a katuni ija. Nungu wanga, amene ndinamumvera chisoni masabata awiri, anali ndi liwu lokhakhala, loopsa. Ponyamula kagologolo koyamba anaseka chikhakhali n'kunena kuti, "Ndakugwirani! Kwanu simudzakuonanso!" Tiana tija tinkakuwa kuitana amayi awo.

Ndinachita manyazi, manyazi enieni otentha kumaso. Koma choposa manyazi chinali china. Ndinaona munthu wochokera kutali, wotsimphina, wofika pakhomo pa eni n'kutenga mwana amene sakufuna, kupita naye kukanyumba kake, kumuikira mbale n'kutseka chitseko. Wailesi sanalakwitse pamene anati mwendowo ndi wanga. Ndinali nditakhala masiku atatu ndikudziumba ndekha ndi chokoleti, n'kudzipereka kwa mwana wanga pa tsiku lake lobadwa.

Ndinazimitsa kandulo ndi zala. "Pepa, mwanawe. Ndiichotse. Tipita kusitolo tikagule ina."

Ndinagwira thireyi. Iye sanandiletse, koma anafunsa.

"Simunamve zimene amanena?"

"TV ya kuntchito ilibe mawu."

"Olo pang'ono?"

"Olo pang'ono. Timangoona zithunzi."

"Ndiye mumaonera bwanji?"

"Ndi maso. Kwinako umangoganizira."

Kenako anakoka foni ija, kukanikiza kabatani ka m'mbali mpaka mawu onse anatha, n'kuyambitsanso katuniyo. Anaitsamiritsa ku botolo la madzi, zigongono patebulo. Ine ndinasiya thireyi ija n'kukhala pansi.

Tinaonera limodzi. Panja wina ankakhoma msomali, kwa anamwino mpopi unkathira m'ndowa. Nungu anatuluka m'kanyumba kake, kumanga epuloni, kunyamula dengu, n'kuyamba chitunda chija.

"Akutsimphina," anatero Kachiwala.

"Ee."

"Ndaonera kambirimbiri koma sindinaonepo kuti amatsimphina."

Nungu anatola tiana tija, kufika nato kwake, kuyala mbale. Kachiwala anawerama mpaka mphuno kufuna kugunda foni.

"Mbale zitatu zokha. Iyeyo yake ili kuti?"

"Kaya. Mwina amadya akatsala."

Anayang'ana patebulo pathu. Panali mbale imodzi, foloko imodzi ndi kapu imodzi, zonse patsogolo pake. Ndinafuna kudzuka kuti ndikatenge mbale yanga msangamsanga, koma ndinaona kuti ndachedwa kale.

Katuni inatha nungu atakhala pakhomo, dengu pambali. Kachiwala anaigadamiza foni.

"Komabe ndi woipa," anatero.

"Chabwino."

"Samayenera kuwatsekera. Akanangowafunsa."

"Zoona."

"Koma amatopa."

Anatambasula dzanja, kuzula munga umodzi pamsana pa nungu, kuuyang'anitsitsa, n'kuuluma. Unalira kuti thyo.

"Mwagula kuti mingayi?"

"Ndapanga."

"Yonseyi? Ndi chiyani?"

Ndinamulozera simbi, idakali chigadamire pa njerwa zake pakona. Sanakhulupirire. Ndinachita kuiyatsa, kusungunula kachokoleti kotsala, kumupatsa kathumba kuti ayese. Minga yake inatuluka ngati nyongolotsi, ndipo anaseka mpaka kutsamwa, kuseka kumene ndinali ndisanakumve chaka chonse. Malaya atsopano aja anadetsedwa, kagologolo kamodzi kanatsala ndi diso limodzi. Ndinadziwa kuti kwawoko ndikanenedwa, koma ndinalibe nazo ntchito.

Tinadya msana wonse wa mbali imodzi, iye m'mbale, ine pa chivundikiro cha poto chimene anandibweretsera yekha. Dengu anadya yekha, anati limenelo ndiye liyenera kutha. Nditasendeza mpeni kumutu anandigwira dzanja.

"Nkhopeyo musadule."

Hutala inalira faifi koloko. Ananyamula chikwama chake, ine ndinamuperekeza mpaka pamsewu. Bambo ake anatsitsa galasi, kuyang'ana malaya aja, kenako kuyang'ana ine.

"Mwakambirana?" anafunsa. Anatembenukira kwa mwana. "Paja ndinakuuza kuti wakula tsopano, uzinena wekha. Zobwera kuno waganiza bwanji?"

Kachiwala ankalimbana ndi lamba wa pampando, osayang'ana aliyense.

"Adadi, ndasiya mutu wa nungu. Ndidzadya Loweruka linalo."

"Mutu wa chiyani?"

"Simungamvetse. Muyenera kuonera opanda mawu."

Galimoto inanyamuka. Sanabaibitse, sabaibitsa masiku ano. Ndinaima pamsewupo mpaka inakhota, kenako ndinabwerera kukapeza mapoto, mapepala ndi njerwa zikundidikira. Nungu anali patebulo, theka la msana palibe, dengu palibe, maso otupa aja akundiyang'ana. Ndinamuvundikira ndi bakuli, kumunyamula, n'kukaima pakhomo pa anamwino.

Anatsegula, kuyang'ana bakuli, kuyang'ana nkhope yanga.

"Wakana?"

"Ayi. Ndimati mundisungire."

"Mpaka liti?"

"Masabata awiri."

"Masabata awiri! Nanga mapoto anga azikhala kuti, pamutu panga?"

Anandiyang'ana kanthawi, n'kupatuka pakhomo, kupita kukatsegula firiji, n'kuyamba kutulutsa mapoto awo.